Nsambo Zisanu ndi Ziwiri, Waya Mmodzi

Anthu ambiri a ku Mualadzi amati bangwe ali ndi nsambo zisanu ndi ziwiri, ndipo si olakwa, poti ndi zimene maso amaona. Koma amene anakhalapo pansi n'kumupanga amadziwa kuti waya ndi mmodzi yekha. Amalowa pa bowo la kumutu kwa thabwa, n'kutsika mpaka kumapazi, n'kutembenukira pa bowo lina n'kukweranso, choncho mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo mfundo ndi ziwiri basi, poyambira ndi pothera. Pansi pa nsambo iliyonse pamakhala kamtengo ka nsungwi kamene woimba amakankha pang'ono kuti mawu akwere kapena atsike. A Yosiya sanafotokozerepo munthu zimenezi, chifukwa panalibe amene anawafunsa.

Bangwe wawo anamupanga ali mnyamata, nthawi imene anthu anathawira ku Zambia chifukwa cha nkhondo. Waya anamuchotsa m'tayala lopsa la galimoto, n'kumupala ndi mchenga mpaka kuwala. Iwo ankakhwatcha nsambo, mlongo wawo wamng'ono Felismina n'kumathira mawu. Anabwerera kwawo nkhondo itatha akuimbabe, ndipo panalibe ukwati kapena mowa wolimira kumene awiriwo sanaitanidwe.

Chaka chatha Felismina anadwala chifuwa, mawu ake n'kutsika. Bangwe anayamba kumutalikira. Tsiku lina anawauza a Yosiya kuti, "Alongo, tsitsani chinthu chanuchi chibwere kuno kumene ndili ine." Anatha masana atatu pamphasa, iye akuimba pang'ono n'kutsokomola, iwo akumasula mfundo, kukunga waya, kumasulanso. Tsiku lachitatu Felismina anatambasula dzanja lake lowondalo, anakankha yekha kamtengo komaliza, n'kunena kuti, "Pamenepo. Musasunthenso." Mwezi sunathe, anamuika.

Tsono khutu la a Yosiya linali lotere: linkadziwa msanga ngati nsambo ina yasemphana ndi zinzake, koma zoti mawu onse aime pati, pamwamba kapena pansi, nthawi zonse zinkachokera pakhosi pa Felismina. Khosilo litapita, malo amenewo anatsala mu waya yekha. Palibe anamujambulapo mawu ndi foni. M'mawa uliwonse a Yosiya ankakhwatcha nsambo zonse, ndipo ina ikasuntha ndi dzuwa ankaibwezera potengera zisanu ndi imodzi zotsalazo. Anasunga choncho chaka chathunthu, kudikira bona, mowa umene mbumba imafulula kukumbukira womwalira akakwanitsa chaka. Pa tsikulo ankafuna kuimba nyimbo ya Felismina ya mpheta zodya mapira, pamalo penipeni pomwe mwini wakeyo anaisiya.

Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, chimera chili padzuwa, pamene Stélio anafika pa njinga yamoto Loweruka masana. Stélio anali mwana yekhayo wa Felismina. Bambo ake anapita kukafuna ntchito ku Tete iye akukwawa, ndipo mpaka lero akuifunabe. Anamulera ndi a Yosiya, monga amachitira mtsibweni aliyense wodziwa udindo wake, ndipo tsopano anali mphunzitsi wa sayansi ya fizika ku sekondale ya ku sede, likulu la boma ku Chifunde. A Yosiya ankamunyadira moti ngakhale ukawafunsa za mvula, nkhani inkathera kwa Stélio.

Atamwa madzi n'kufunsana za moyo, Stélio anaitula nkhani.

"Atsibweni, sabata la mawa lino likatha kukubwera ainsipetori ochokera ku Tete kudzaona mmene timaphunzitsira. Amene awasangalatse akhoza kumusamutsira mumzinda. Mukudziwa kuti mkazi wanga Nércia ali komweko ndi mwana, ine kuno ndikungokhala ngati mbeta. Ndikufuna ndiphunzitse ndi bangwe wanu."

"Bangwe ku xikola? Ana a sukulu akaphunzira kuvina?"

Stélio anaseka. Anadzuka n'kupita pa waya woyanikapo zovala wa a Lurdes, akazi a a Yosiya, waya womangidwa kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa mzati wa nkhokwe, mapazi ngati makumi awiri. Anayanula zitenje zonse n'kuziunjika paphewa pake.

"Iwe, zauma zimenezo?" anakuwa a Lurdes ali pa chimera chawo.

"Ndibwezera, amayi. Atsibweni, bwerani mugwire apa ndi zala ziwiri."

A Yosiya anagwira waya pafupi ndi mango. Stélio anamumenya kamodzi ndi kamtengo. Kanthu kanathamanga mu wayamo kulowera ku nkhokwe, ndipo asanaphethire kawiri kanabwera n'kuwagunda m'zala, kenaka kanabweranso mofooka, n'kubweranso.

"Chapita n'kubwera!" anatero a Yosiya.

"Limenelo ndi funde. Waya sanachoke pamalo pake, koma funde layenda. Tsopano onani."

Analowetsa mtengo pa mfundo ya ku mango n'kupotokola mpaka waya anakungika kuti nga. Atamenyanso, fundelo linabwera msanga moti a Yosiya analephera kuwerenga maulendo ake. Kenaka Stélio anatenga chingwe chonenepa chomangira ng'ombe, anachikunga pakati pa mitengo yomweyo, n'kuchimenya. Funde lake linayenda mwaulesi, likuoneka ndi maso, ngati munthu wopita kumunda wa apongozi.

"Zinthu ndi ziwiri zokha, atsibweni. Mukakunga kwambiri, funde limathamanga. Chingwe chikalemera, limachedwa. Pa bangwe wanu funde limapita n'kubwera kambirimbiri, ndipo maulendo akachuluka mawu amakwera."

A Yosiya anasisita chibwano.

"Ndiye chifukwa chake waya wa mabuleki a njinga amalira ngati mwamuna, wa m'tayala ngati mtsikana. Nanga ndikakankha kamtengo kaja, nsambo n'kufupika, ndiye kuti ndalifupikitsira njira?"

"Basi! Mwakhoza kale mayeso. Ana anga atha miyezi iwiri osamva zimenezi."

Mtima wa a Yosiya unadzaza. Zaka zonsezi zala zawo zinkadziwa chinthu, ndipo lero mwana amene anamutsuka okha kumtsinje anachipatsa dzina. Komabe atalowa m'nyumba n'kutuluka ndi bangwe, manja awo anakana kumupereka.

"Stélio, ukudziwa chimene chili mu waya ameneyu."

"Ndikudziwa, atsibweni."

"Amayi ako anaika okha kamtengo aka. Bona yatsala masabata awiri. Ukhoza kukhwatcha, ukhoza kuonetsa anthu, koma usamasule mfundo, usakankhe kamtengo, usamusiye padzuwa."

"Pali amayi anga kumandaku, adzabwera mmene wapitiramu."

Munthu akalumbira choncho, unganenenso chiyani? Anakulunga bangwe m'bulangete n'kumumangirira okha kumsana kwa Stélio. Njinga itazimiririka m'fumbi, a Lurdes anayanikanso zitenje zawo, zimene Stélio anaiwala kubwezera, n'kunena osatembenuka:

"Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

"Iwe umangoona zoipa. Mwana walumbira."

"Ine ndangoona zitenje zanga pansi."

Masiku otsatirawo nyumba inakula. M'mawa a Yosiya ankatambasula dzanja pakhoma n'kupeza msomali wokha. Anakonza khola la mbuzi limene silinawonongeke, ananola makasu a chaka chamawa, mpaka a Lurdes anatopa nawo n'kuwauza kuti ngati akumusowa mwana wawo wathabwayo angomutsatira. Iwo anangoti aaa, koma mawuwo anawagwira. Bwanji osakaona okha mmene mwana wa Felismina amaimira pamaso pa akuluakulu, n'kubwerera ndi bangwe tsiku lomwelo? Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, anakwera lole yonyamula chimanga, n'kukagona kwa mbale wawo ku sede osamuuza Stélio, kuti akamudzidzimutse. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lolemba m'mawa anafika pasukulu phunziro litayamba kale. Pachipata anakumana ndi mlonda, bambo wamtali wa imvi za m'mbali dzina lake Welcome, amene nayenso anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo.

"Madala, mukufuna ndani?"

"Aporofesori Stélio. Ndine mtsibweni wake."

"Oo, eni ake a bangwe uja! Tiyeni, koma kulowa simungalowe, kuli mabwana. Tikaima pawindo. Aticha anuwo akulankhula Chipwitikizi chokhachokha lero, ine ndizikumasulirani."

Anaima pawindo lakumbuyo lopanda galasi. M'kalasimo munadzaza ana, ndipo kutsogolo chakumbali kunakhala alendo awiri, bambo wa magalasi ndi mayi wa kabuku m'manja. Stélio anali atavala malaya oyera aatali a aphunzitsi. Anali atamanga chingwe kuchokera pachitseko mpaka pawindo, ndipo ankachita zomwe zija anachita pa waya wa a Lurdes, ana akuseka ndi kuwerenga mokweza. A Yosiya anamugwira Welcome pamkono.

"Zimenezi anayambira kwathu, pa mango."

Kenaka Stélio ananyamula bangwe patebulo n'kumukweza m'mwamba kuti onse amuone. Anakhwatcha nsambo zonse kamodzi, kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo mawu a Felismina anadzaza m'kalasimo. A Yosiya anamva misozi ikubwera, ndipo sanachite nayo manyazi.

"Akuti chida ichi ndi cha makolo athu," ananong'ona Welcome. "Akuti amene anachipanga sadziwa kulemba, koma fizika ili m'manja mwake. Akukutamani, madala."

Stélio anaika bangwe pansi n'kuvundukula nsalu imene inaphimba mbali ina ya tebulo. Pansi pake panali thabwa lokhomedwa msomali ndi kagudumu kumapeto, mabotolo anayi aakulu odzaza madzi, kasikelo kakang'ono kofanana ndi kamene ogula golide amayezera kumigodi, ndi alikate, chodulira waya chija cha zogwirira zofiira.

"Akuti kuti tidziwe liwiro la funde, tiyenera kudziwa kulemera kwa waya," anatero Welcome. "Akuti atengako nsambo imodzi yokha, zisanu ndi imodzi zitsala."

A Yosiya sanamve bwino, kapena anamva koma mutu unakana. Anaona Stélio akutenga alikate, akuwerama, akusankha nsambo yapakati. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma mawu anatuluka mochedwa.

Kunamveka kuti thwa! Waya anakwapula mpweya, n'kusololoka m'mabowo onse motsatana. Nsambo zonse zisanu ndi ziwiri zinagwa nthawi imodzi, ndipo timitengo ta nsungwi tinadumpha n'kumwazika pasimenti, kena n'kugubuduka mpaka pansi pa nsapato ya mayi wa kabuku uja. Ana anaphulika ndi kuseka.

Stélio anaima ndi alikate m'manja, nkhope itachita phulusa. Anatembenuza thabwalo n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene waya ankapindikira kuchoka pa bowo kupita pa linzake. Mwana ameneyu anakulira pafupi ndi bangwe, ankagona akumumva, koma sanamutembenuzepo n'kamodzi komwe.

A Yosiya anadikira kuti mwina akhala pansi, mwina agwira kumutu, mwina anena kuti phunziro lathera pomwepa. Koma bambo wa magalasi uja anatsokomola n'kuyang'ana wotchi, ndipo Stélio anamwetulira, n'kunena mawu amene anaseketsa alendowo.

"Akuti taphunzirapo china, kuti waya ndi mmodzi," anatero Welcome, mawu ake atatsika. Anali ataona nkhope ya a Yosiya. "Madala, tiyeni mukakhale pamthunzi."

"Ayi. Ndione zonse."

Ndipo anaona zonse. Stélio anadulanso kachiwiri, n'kutenga chidutswa chotalika ngati mkono. Anachipinda n'kuchiika pa kasikelo, n'kulemba nambala pabolodi. Anachimanga pa msomali wa thabwa lake lija, anachidutsitsa pa kagudumu, n'kupachika botolo limodzi kumapeto. Anatulutsa foni m'thumba, anaiyandikiza, n'kukhwatcha. Waya analira mawu otsika, achilendo, ndipo pafoni panatuluka nambala.

"Foniyo ikuchita chiyani?" anafunsa a Yosiya.

"Ikuwerenga maulendo a funde. Mawu alionse ali ndi nambala yake. Ikangomva, yalemba."

Stélio anapachika mabotolo onse anayi n'kukhwatchanso. Nambala ya pafoni inawirikiza kawiri. Mawu amene anatuluka anali omwe aja, koma aang'ono, apamwamba, monga zinkamvekera kale Felismina akamaimba pamtondo, Stélio ali kamwana n'kumatsatira pamwamba pake. Kulemera kanayi, liwiro kawiri, anatero Welcome. Alendo anaomba m'manja, ana nawo anaomba, ndipo mayi uja analemba zambiri m'kabuku kake.

Belu litalira, a Yosiya analowa m'kalasi ana akutuluka. Sanapereke moni kwa aliyense. Anagwada pasimenti ndi jekete yawo ya kutchalitchi n'kuyamba kutola timitengo. Anapeza tisanu. Stélio, amene ankaperekeza alendo pakhomo, atacheuka n'kuwaona, anauma pomwepo.

"Atsibweni! Mwabwera liti?"

A Yosiya anapitiriza kufufuza pansi pa madesiki. Alendo atachoka, Stélio anabwera n'kugwada pambali pawo.

"Atsibweni, ndalakwa. Ndimayesa nsambo iliyonse ili payokha. Ndimati ndichotsa imodzi, ndigula ina n'kubwezera, inu osadziwa n'komwe."

"Ine osadziwa n'komwe," anabwereza a Yosiya. "Sikelo ija unabwereka liti?"

Stélio anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa. Unabwereka liti?"

"Masabata awiri apitawo."

"Usanabwere kwathu, kapena utabwera?"

"Ndisanabwere."

"Ndiye pamene unkatchula amayi ako kumanda, alikate anali kale patebulo."

A Yosiya anamva kuwawa kumene sanakumvepo ngakhale tsiku la maliro, chifukwa imfa sinawalonjeze kanthu. Mwana uyu anakhala pamphasa yawo, anamwa madzi awo, anawasangalatsa ndi waya wa zitenje ngati mmene umasangalatsira nkhuku ndi madeya, mpeni uli kumbuyo. Anakulunga thabwa, waya wotsala ndi timitengo tisanu m'bulangete lija, n'kutuluka. Welcome anawatsegulira chipata.

Pa lole yobwerera, atakhala pamwamba pa matumba a feteleza, mkwiyo utayamba kuphwa, ganizo lina linawafikira. Foni ija. Ikangomva, yalemba. Bangwe anakhala m'nyumba ya Stélio masiku asanu ndi anayi. Munthu wophunzira, woyeza chilichonse, woyeza ngakhale kulemera kwa kachidutswa ka waya, angadule chinthu asanachiyeze? Ayi, n'zosatheka. Nambala ya Felismina iyenera kuti ili mu foni imeneyo. Ngakhale ya nsambo imodzi yokha ingakwane, zinazo khutu lawo likanazipeza. Anadzitukwana kuti anachoka osafunsa.

Anafika kunyumba atanyamula chiyembekezo chimenecho ngati dzira. A Lurdes atavundukula bulangete anangoti, "Mayo ine," n'kukhala pansi. Za nkuyu zija sanazibwereze, ndipo a Yosiya anawathokoza mumtima.

Analumikiza zidutswa ziwiri za waya wotsalayo ndi mfundo yobisika kunsi kwa thabwa, koma anangokwana nsambo zisanu ndi imodzi. Anasema timitengo tatsopano. Kenaka anayamba kufunafuna. Ankakunga, n'kuimba chapansipansi, n'kumva ngati apeza, koma m'mawa mwake zinkamveka zokwera. Akatsitsa, madzulo zinkamveka ngati za munthu wina. Anafunsa a Lurdes, ndipo a Lurdes anati ndi pomwepo. Atasuntha n'kufunsanso, anatinso ndi pomwepo. Pamenepo anasiya kufunsa.

"Musadzivute," ankadziuza okha. "Mwana akubwera ndi nambala."

Tsiku la bona linafika. Mowa unapsa bwino, abale anabwera kuchokera ku Nsadzo ndi midzi yozungulira, ena a kutchalitchi anayamba ndi pemphero, akuluakulu n'kupita kukathira nsembe patsinde pa mtengo monga mwa mwambo. Dzuwa lili pamutu njinga yamoto inalira kumsewu. Stélio anatsika atanyamula mkombero wa waya watsopano wonyezimira, wogula kusitolo. Anapereka moni kwa anthu, ndipo ena anamuyamikira, poti mbiri inali itafika kale kuti alendo aja anakondwa naye ndipo chaka chamawa akupita ku Tete.

A Yosiya anamukodola n'kupita naye kuseri kwa nkhokwe, kumene anasiya bangwe pamthunzi. Stélio anagwada n'kuika wayayo pamapazi awo.

"Atsibweni, uyu ndi wolimba kuposa uja. Sachita dzimbiri."

"Waya ndamuona. Foni wabwera nayo?"

"Ili pano."

"Tulutsa." A Yosiya anakokera bangwe pamiyendo. "Ine za kusukulu zija ndazisiya. Madzi akatayika sawoleka. Ungondipatsa nambala ya amayi ako, tikunge limodzi, anthu akudikira."

Stélio anatulutsa foni, koma sanaiyatse.

"Nambala yake iti, atsibweni?"

"Ya bangwe. Mmene ankalirira usanadule. Mlonda uja anandiuza kuti foni ikangomva, yalemba."

Kuseri kwa nkhokweko kunamveka amayi akuseka kubwalo, ndi chikho chikugunda pa mtsuko. Stélio anatembenuza foniyo m'manja kawiri.

"Sindinayeze."

"Ngakhale nsambo imodzi?"

"Phunziro silinkafuna zimenezo. Linkafuna kulemera kwa waya ndi mabotolo. Za mmene bangwe ankalirira sindinaziganize."

"Zikanakutengera nthawi yaitali bwanji?"

Stélio anayankha motsitsa kwambiri moti a Yosiya anachita kuwerama kuti amve.

"Ngati kumwa madzi."

A Yosiya anamuyang'ana nthawi yaitali. Mphuno inali ya Felismina, makutu a Felismina, ngakhale kaweramidwe ka khosi.

"Masiku asanu ndi anayi amayi ako anagona m'nyumba mwako. Sikelo unaiganiza. Alikate unamuganiza. Mabotolo anayi unawatsuka n'kuthiramo madzi. Iwo okha ndi amene sunawaganize."

Stélio anayamba kulira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Tsiku lina lililonse a Yosiya akanamugwira pamutu, monga ankachitira akagwa pa njinga ali mwana. Lero dzanja lawo linakhala pa thabwa. Anakankha waya watsopanoyo ndi phazi kumubwezera kwa mwini wake, anadzuka, n'kupita kubwalo.

Anthu anawapatsa mpando pakati. Amayi anasonkhana mbali imodzi, a Lurdes patsogolo, ndipo wina anakuwa kuti, "Ya mpheta ija, a Yosiya! Ya mwini wake!" Anakhwatcha nsambo zisanu ndi imodzi pamalo pomwe anazisiya m'mawa umenewo, malo ongoganizira. Amayi analowa onse pamodzi, m'manja mukuomba, fumbi likukwera. Palibe anakweza mutu, palibe anati bangwe wasintha. Nkhalamba ina ya ku Nsadzo inapukuta misozi n'kunena mokweza kuti zikumveka ngati Felismina ali pomwepo.

A Yosiya sanathe kuitsutsa, ndipo sanathe kuivomereza, pakuti iwonso sankadziwanso. Anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, khutu lili tcheru pamalo paja pamene mlongo wawo ankalowera, ndipo sanalowe.